Ndinamwalira pa Tsamba 60

(Pa Ngabu, mwezi wa Okutobala, dzuwa loti ngakhale abuluzi akukanganirana mthunzi. Malume ali pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, akudzikupiza ndi chipewa. Mphwawo wangotsika basi kuchokera ku Blantyre, kope lalikulu lili kukhwapa.)

MPHWAWO: Malume, ndabwera ndi nkhani ya chitukuko.

MALUME: Ukayamba choncho ndiye kuti khola langa lili pangozi. Nena.

MPHWAWO: Ndikufuna kujambula filimu. Yeniyeni, ya mphindi 90.

MALUME: Ngati zija za ku vidiyo sho, Atchaina akuuluka pamadenga kwinaku akutukwana m'Chichewa?

MPHWAWO: Ayi, yathuyathu ya kuno kuchigwa. Nkhani ndalemba kale, masamba 90. Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema.

MALUME: Ndiye ukayamba 8 koloko, hafu naini wamaliza. Ndalama ya chiyani?

MPHWAWO: Kuonera ndi mphindi, koma kujambula tsamba limodzi ndi maola. Tikalimbikira, masamba asanu pa tsiku. Masiku 18.

MALUME: Masiku 18 amenewo anthu akudya kwa ndani?

MPHWAWO: Ndi chimene ndabwerera.

MALUME: Ndinadziwa.

MPHWAWO: Mverani bajeti. Kamera tibwereka kwa mnzanga wojambula maukwati ku Limbe, koma Loweruka lililonse aziitenga. Maikolofoni. Mafuta a jenereta yotchajira mabatire. Ma hard drive awiri osungiramo zithunzi, kuti imodzi ikafa inayo itipulumutse. Ufa, nyemba, milamba yowamba ya ku Elephant Marsh. Mayendedwe. Pomaliza, pa K100 iliyonse tiwonjezerepo K10 ya zogwa mwadzidzidzi.

MALUME: Zogwa ziti?

MPHWAWO: Sitikuzidziwa.

MALUME: Ukundipempha ndalama ya tsoka limene silinanyamuke n'komwe kwawo? Ukuchita kulitumizira thiransipoti! Nanga ochita sewerowo malipiro awo sindinawamve.

MPHWAWO: Adzalandira filimu ikadzagulitsidwa.

MALUME: Ehee, thonje la ngongole. Timalidziwa limenelo kuno. Bwanji osapita ku banki?

MPHWAWO: Ndinapita. Anati chikole, ndinawaonetsa kopeli. Mlonda anandiperekeza mwaulemu mpaka panja. Koma amayi a banki mkhonde andibwereka pang'ono, bola mwana wa atcheya akhale mkwatibwi mufilimumo.

MALUME: Muli ukwati?

MPHWAWO: Munalibe. Pano ulimo. Wagolosale wa pamsika watipatsa shuga ndi sopo, bola chikwangwani chake chioneke katatu. Ndiye mnyamata wa m'nkhaniyi, ngakhale akuthamangira kuchipatala, amayamba waima pagolosale.

MALUME: Nanga nkhaniyo ukulemba ndi iwe kapena ndi ngongole?

MPHWAWO: Timalembera limodzi. Musaderere, malume. Ku America kuli mkulu wina, Robert Rodriguez, filimu yake yoyamba ya 1992, El Mariachi, anaipanga ndi madola pafupifupi 7,000 okha. Ina mwa ndalamazo anaipeza polola madokotala kuyesera mankhwala atsopano m'thupi mwake.

MALUME: M'thupi mwake?

MPHWAWO: Eya.

MALUME: Nanga iwe thupi ulibe? Ng'ombe yanga yalakwa chiyani?

MPHWAWO: Imodzi yokha, malume. Ija yopunduka nyanga. Msika ndi uwu uli pakhomo panu. Mukhala executive producer.

MALUME: Ndiye chiyani chimenecho?

MPHWAWO: Munthu wotulutsa ndalama. Dzina lake limalembedwa zilembo zikuluzikulu, koma pojambula salankhula.

MALUME: Mkamwini basi. (Akuganiza, akukanda ndevu.) Ndikagulitsa ng'ombe, nanenso ndionekemo.

MPHWAWO: Malo alipo. Mpondamatiki wa ng'ombe zambiri, wolemekezeka kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka.

MALUME: Ameneyo sindivutika naye. Tawerenga ndimve.

MPHWAWO: Tsamba 12. Madzi osefukira azinga mudzi, helikopita ikubwera...

MALUME: Ng'ombe imodzi. Yopunduka nyanga.

MPHWAWO: Bwato likubwera pa Shire...

MALUME: Ng'ona mwagwirizana nazo kuti nazonso zidzalandira filimu ikadzagulitsidwa?

MPHWAWO: (akufufuta) Ngolo ikubwera. Madziwo wina angofotokoza pakamwa kuti analiko.

MALUME: Komanso ndaona walemba usiku, usiku, usiku.

MPHWAWO: Usiku umafuna magetsi ambiri, ndipo jenereta ikalira mawu samveka. Ndasintha kale. Mfiti za mufilimu muno zimatamba masana.

(Ng'ombe inapita. Amene anaiona ikukwera lole akuti inacheuka kawiri. Tsiku loyamba kujambula, 5 koloko m'mawa, anthu adzaza pakhomo pa malume. Malume atulukira atavala jekete la ukwati wawo.)

MALUME: Ndiyambire pati? Powerenga ng'ombe?

MPHWAWO: Gonani apa, tikufunditseni nsalu. Tikuyamba ndi maliro anu.

MALUME: Maliro a ndani?

MPHWAWO: Mpondamatiki uja amamwalira pa tsamba 60.

MALUME: Sunandiuze! Ndipo ngakhale zili choncho, tsamba 60 tsiku loyamba? Sindinadwale n'komwe!

MPHWAWO: Filimu sitijambula motsatira masamba. Zonse zochitikira pakhomo pano timazijambulira pamodzi, kuti tisamangosamuka ndi katundu. Komanso akwaya atipatsa lero lokha, mawa ali ndi ulendo wa ku Nchalo. Mufe lero, mudwala Lachinayi, mukwatira sabata yamawa.

AZAKHALI: Akwatira ndani?

MPHWAWO: Mufilimu, azakhali.

AZAKHALI: Afe kaye, tikambirana.

(Malume agona. Mnyamata wina wanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake kuli maikolofoni yovekedwa sokosi kuti mphepo isamawombemo. Wina wagwira lata latsopano, akuthira kuwala kwa dzuwa pankhope pa malemu. Mphwawo aima kutsogolo kwa kamera n'kuwomba m'manja kamodzi: phwa!)

MALUME: (ali m'nsalu) Takhuta, mphwanga. Ulemu sunauiwale.

MPHWAWO: Sindikuwombera inu. Mawu tikujambulira pena, zithunzi pena. Kuwombaku ndi chizindikiro choti podzalumikiza tidzadziwe pogwirizanitsira. Anzathu ali ndi kathabwa kake, ife tili ndi manja. Chete nonse! Akishoni!

AZAKHALI: Mayo ine! Mwandisiyira ngongole ya feteleza! Munagulitsa ng'ombe osandiuza inuuu!

MPHWAWO: Dulani! Azakhali, mawu amenewo mulibe m'kope.

AZAKHALI: Ali mumtima.

WA NSUNGWI: Ngakhale akanakhalamo, tibwereza. Tambala analira.

(Abwereza. Kachiwiri chigayo chinayamba. Kachitatu njinga yamoto. Kachinayi zonse zinali bwino, koma sokosi inalowa m'chithunzi. Apa ndiikepo mawu anga: anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamamveka ngati munthu akulankhulira m'chitsime, mphindi zitatu sizikwana asanatseke. Wa nsungwi uja anali wovutitsa, koma ndi yekhayo amene ankadziwa chimene akuchita.)

WA KAMERA: Bwana, kamera yazima. Yatentha.

MPHWAWO: Bweretsani lichero! Ikupizeni! Ambulera ili kuti?

MALUME: Mukukupiza makina, ine mwandikulunga m'nsalu padzuwa la pa Ngabu?

MPHWAWO: Makinawo ndi obwereka, malume. Inu ndinu athu.

WA KAMERA: Komanso mtembowu ukutuluka thukuta kwambiri. Zikuoneka.

MALUME: Uuze mtembowo wekha!

(Pamenepo anyakwawa atulukira ndi ndodo, kumbuyo kwawo amayi asanu atasenza nkhuni ndi ufa. Akabaza atsika panjinga, akuyenda chokankha.)

ANYAKWAWA: Ndani waika masamba pamsewu? Maliro m'mudzi mwanga, ine kumvera kwa akabaza?

MALUME: (adzuka) Pepani mfumu, sindinafe.

(Amayi awiri anataya nkhuni n'kuliyatsa liwiro. Mmodzi akuti anakamupeza ku Bangula.)

ANYAKWAWA: Kujambula m'mudzi mumayamba mwapempha. Nkhuku ziwiri. Ndipo ineyo ndionekemo.

MPHWAWO: (akulemba) Zogwa mwadzidzidzi, malume. Mwaziona?

WA NSUNGWI: Tisanabalalike, aliyense akhale chete mphindi imodzi. Ndijambule phokoso la pamalo pano lokha, lodzatsekera mipata polumikiza.

AZAKHALI: Zaka 30 ndili nawo pabanja bambowa, mphindi yotero sinapezekepo. Jambulani ndidzagule.

(Tsiku la 11. Ajambula mpondamatiki ali moyo, akukambirana za malowolo. Malume atulukira chibwano chili see, mutu ukunyezimira ngati lata lija.)

MPHWAWO: Malume! Ndevu zili kuti?

MALUME: Maliro akatha anthu amameta.

MPHWAWO: Amameta otsala! Osati womwalirayo!

MALUME: Ine ndili mbali zonse.

MPHWAWO: Lachinayi tinakujambulani mukulowa m'nyumba muli ndi ndevu. Lero tikujambula muli m'katimo. Tikalumikiza, munthu walowa pakhomo ndi ndevu, wafika pabalaza alibe. Anthu adzati chiyani?

MALUME: Adzati m'nyumbamo muli wometa.

MPHWAWO: Bweretsani thonje ndi ulimbo. Nanga mbuzi yamawanga ija ili kuti? Imayenera kukhala pakhomo, inaoneka kale pa tsamba 33.

(Chete. Chete uja amene wa nsungwi ankamufuna tsiku loyamba.)

AZAKHALI: Nyemba zinatha Lolemba. Dzulo unadya chiyani, mwanawe?

MPHWAWO: Ndinadya... Azakhali! Mwaphika wosewera?

AZAKHALI: Unapemphanso msuzi kawiri.

WA KAMERA: Kuseri kuli yakuda. Tiipake ufa m'nthitimu, tiijambulire patali.

MALUME: Ufa womwewo wa nsima ya mawa? Ipakeni phulusa. Executive producer walankhula.

(Masiku 18 anasanduka 26, chifukwa kamera inkapita ku maukwati, ndipo mkwatibwi wa atcheya anakwiya masiku awiri atamva kuti alibe mawu olankhula. Tsiku lomaliza, pansi pa nimu pomwe paja.)

MALUME: Tamaliza. Ndalama zanga zibwera liti? Ndaona kale ng'ombe ziwiri pamsika.

MPHWAWO: Tamaliza kujambula. Tsopano kulumikiza pa kompyuta, miyezi itatu kapena inayi. Kukonza mawu. Kukonza mitundu kuti phulusa lija lioneke ngati mawanga. Nyimbo, sitingangotola ya mwini, a COSOMA, oteteza umwini wa nyimbo, alipo, ndiye tilipira anyamata a valimba atiimbire yathu. Ikatero ipite ku Censorship Board akaione ngati ndi ya ana kapena ya akulu okha. Kenako holo yoonetsera koyamba.

MALUME: Ndiye ndalama zibwere.

MPHWAWO: Tikafulumira. Tikachedwa, anyamata obena aiika kale m'mamemori khadi pamsika.

MALUME: Nanga pa YouTube paja umanena?

MPHWAWO: Kuti muzigawana nawo ndalama za malonda amafuna olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa chaka.

MALUME: Tili ndi angati?

MPHWAWO: 14. Atatu ndi ine ndemwe.

MALUME: Ndiye ukutanthauza chiyani?

MPHWAWO: Ija yofiira, malume. Yosabereka ija. Imangodya msipu.

(Malume ayang'ana khola. Ayang'ana mphwawo. Atenga nsalu ija pang'onopang'ono, agona pamkeka, adzifunditsa mpaka kumutu.)

MPHWAWO: Malume?

MALUME: Ine ndinamwalira pa tsamba 60. Za chuma cha masiye kambirana ndi azakhali ako.

AZAKHALI: (ali kukhitchini, akunola mpeni) Abwere.