Makina oyeza chilonda cha moto aphunzire pa khungu lathu

Mu June chaka chatha, magetsi atazima, mwana wa mchemwali wanga ku Chawama mu Lusaka anagubuduza poto wa phala pambaula, phalalo n'kumukhuthukira pamkono. Kuchipatala adokotala anachiyang'anitsitsa chilondacho, kenako anati, "Mayi, tidikire kaye, sichinaonetse kuya kwake." Tinadikira, mwana akulira tsiku lililonse pomusintha bandeji. Patatha milungu itatu anamutenga khungu pantchafu kukamata pamkonopo.

Adokotalawo sindiwaimba mlandu. Ngakhale akatswiri a zilonda za moto, akamayeza ndi maso okha, amaphonya kuya kwa chilonda pafupifupi kamodzi pa katatu. Chonsecho nkhani yagona pa kuyako. Chilonda chopola pasanathe masiku 14 sichisiya chipsera chachikulu, koma chopyola masiku 21 chimafuna opaleshoni, ndipo mukachedwa khungu limakokana mpaka chigongono kukanika kuwongoka.

Makina othandiza alipo. A laser Doppler amawalitsa kuwala pachilonda osachikhudza, n'kuyeza mmene magazi akuyendera pansi pake. Chithunzi chake chimatuluka chamitundumitundu: pofiira magazi akuyenda bwino, papola pokha, pabuluu pafunika mpeni wa adokotala. Amayeza pakati pa maola 48 ndi masiku asanu munthu atapsa, ndipo ku Britain bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala, linawavomereza mu 2011. Tsopano kampani ngati Spectral AI ya ku Dallas ikujambula zilonda ndi kuwala kwa mitundu ingapo, kompyuta yophunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri n'kumalosera pamene sipapola.

Nkhawa yanga ili pa kuphunzitsako. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yaonetsedwa. Khungu lakuda limamwa kuwala kochuluka, ndipo kufiira kumene kumaonekera patali pa mzungu, pa mwana wathu kumabisala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kupsa kumapha anthu pafupifupi 180,000 pachaka, ambiri m'mayiko osauka ngati lathu, ndiye makinawa akaphunzira pa khungu loyera lokha adzaphonya anthu amene akuwafuna kwambiri.

N'chifukwa chake ndikupempha madokotala a kuchipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka ndi ophunzira zachipatala ku yunivesite ya Zambia (UNZA) kuti ayambe lero kusunga zithunzi za zilonda, makolo atavomera, ndi kulemba tsiku limene chilichonse chinapola kapena kumatidwa khungu. Mchemwali wanga akuti akanafunsidwa akanavomera tsiku lomwelo.