Kwathu ku Nkhotakota, ndi nkhani imene timaiuza theka

Munthu akamva kuti ndine wa ku Nkhotakota, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake amakhala mpunga, achiwiri nsomba. Sindikana ayi. Mpunga wathu wa Faya umanunkhira mpaka kwa aneba, a ku Karonga akangane nafe mpaka kuche za Kilombero wawoyo. Chambo cha pa Chia, chija madalaivala amachikoleka pagalasi la m'mbali kuti chizipitidwa mphepo mpaka ku Salima, ndi chathu. Mpasa umene umachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, ndi wathu. Shuga wa ku Dwangwa mumathira m'tiyi uja, ndi wathunso. Ku Mawira madzi amatuluka pansi ali otentha kale, ndipo m'mawa wa mu June mupeza amayi akuchapa, nthunzi ili tolo, pamene anzathu a ku Dedza akuopa ngakhale kusukusula.

Zonsezi n'zabwino, koma lero ndabwera ndi ina. Maganizo anga ndi akuti ife a ku Nkhotakota timanyadira zinthu zimene mbiri yathu inatisiyira, koma mbiri yeniyeniyo timaiuza ana athu theka, theka linalo n'kulikwirira.

Tiyambe ndi Jumbe. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wamalonda, Salim bin Abdallah, wochokera kugombe la nyanja yamchere, amene iye ndi olowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Anakhazikika m'dziko la Achewa, kwa Malengachanzi, namanga linga lake pafupi ndi doko. Malowo sanawasankhe mwangozi. Mchenga wa Sungu umatchinga mafunde a mwera, choncho zombo zake za matanga zinkakocheza bwinobwino. Zombozo zinkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu kuwolokera tsidya la kum'mawa, ndipo kuchoka pamenepo unali ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa. Anthu zikwizikwi anadutsa pagombe lomwe lero timayanikapo usipa. Ambiri sanafike n'komwe kumsika. Anathera m'njira.

Ndi a Jumbe omwewo amene anakulitsa ulimi wa mpunga kwathu kuno, chifukwa mudzi wawo ndi apaulendo awo ankafuna chakudya. Ndi iwonso anabweretsa Chisilamu, ndipo mzikiti wawo uli m'gulu la mizikiti yakale kwambiri m'Malawi muno. Ndiye mukamapakula mpunga wa nsomba Lachisanu anthu atachoka ku Juma, dziwani kuti mphikawo ndi unyolo uja zinabwera njira imodzi. Zimawawa kumva, koma ndi mmene zilili.

Mlendo akabwera timathamangira kumuonetsa mkuyu uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, n'kumuuza kuti apa ndi pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe ndipo ukapolo unatha. Gawo loyambalo ndi loona. Livingstone anafika kuno pabwato mu 1861, anabweranso wapansi mu 1863, ndipo analankhuladi ndi Jumbe. Koma ukapolo sunathe tsiku limenelo. Mzungu uja anangochoka, zombo zinapitiriza kuwoloka kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, ndipo Jumbeyo anayamba kulandira ndalama ya pachaka kuchokera kwa azungu. Tamvani bwino pamenepo: amene analipidwa ndi wogulitsa anthu, osati abale a ogulitsidwa. Jumbe yemweyu ndi amene anathandiza Johnston kukambirana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga. Ufumu wa a Jumbe unadzatheratu cha m'ma 1895, womaliza atachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Pali gawo lina limene ngakhale akuluakulu amalidumpha. Jumbe sakanatha kugwira anthu onsewo yekha ndi anyamata ake ochepa aja. Panali mafumu ndi anthu wamba akuda ngati ife amene ankagulitsa ogwidwa pankhondo, a milandu, ngakhale ana amasiye, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Komanso panali Achewa ambiri amene anathawira okha kwa Jumbe poopa nkhondo ya Angoni, chifukwa iye anali ndi mfuti ndi linga. N'chifukwa chake mudzi wa Kota Kota, dzina limene azungu ankatchulira Nkhotakota, unakula mpaka azungu kumaulemba kuti ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu m'chigawo chino cha Africa. Munthu mmodzimodziyo anali pothawira pa ena ndi chilombo kwa ena. Ife amene tinabadwira kuno, ena ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za othawira, ena za akapolo amene sanawolotsedwe n'kutsalira m'makomo mwa eni awo, ndipo ambirife magazi onse atatu ali m'thupi limodzi.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Timaopa kuyambanitsa anthu. Kwathu kuno Asilamu ndi Akhristu timakwatirana, timakumba manda limodzi, azana akamamveka m'bandakucha wa ku Anglican naye amadziwa kuti yakwana nthawi yopita kudimba. Palibe amene akufuna kusokoneza zimenezi, ine ndemwe sindikufuna. Koma shehe wa lero alibe mlandu wa Salim bin Abdallah, monganso wansembe wa lero alibe mlandu wa msonkho wa nyumba umene atsamunda ankawotchera anthu nyumba. Kukhala chete sikuteteza aliyense. Kumangopatsa mpata anthu a mtopola kuti adzaifotokoze nkhaniyi mokhotetsa pa Facebook, ana athu alibe choyankha.

Za mishoni nazonso timangozidziwa pamwamba. A UMCA, amishoni a mpingo wa Anglican, anatsegula mishoni kuno mu 1894. Chaka chotsatira, mu 1895, Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene, anamira m'nyanja bwato lake litagubuduzika ndi mphepo ali paulendo wa ku Likoma, ndipo anaikidwa kuno, mu tchalitchi cha All Saints. Sitima yakale ija ya Chauncy Maples inatchulidwa dzina la munthu amene wagona kwathu kuno. Ndi angati mwa ife amene tinaimbapo kwaya m'tchalitchimo tikudziwa zimenezi?

Ndiye pali mkuyu winanso, wa Kamuzu. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu kuno ku Kota Kota. Anthu anabwera kuchokera m'zigawo zonse, ndipo ndi pamsonkhano umenewu pamene Dr. Banda anaonetsa kugulu anyamata ake amene anali atangotulutsidwa m'ndende, a Henry Masauko Chipembere ndi pachibale paja, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza. Timanyadira kuti ufulu wa dziko lino unadutsira pakhomo pathu, ndipo n'zoyenera. Koma ndi pamsonkhano womwewo pamene Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wa chipani wa moyo wake wonse. Tsatirani mayina ajawo muone. A Dunduzu anafa pangozi ya galimoto mu 1962. A Chipembere anasemphana ndi Kamuzu pa mkangano wa nduna wa 1964, nathera kunja kwa dziko. A Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida. Pofika 1971 upulezidenti wa muyaya uja unachoka kuchipani n'kukhala wa dziko lonse. Mbewu yake inadzalidwa pano, m'manja mukuwombedwa. Kaya ndinu a tambala wakuda kaya ayi, zimenezi zinachitikira pa dothi lathu ndipo mwana wa sukulu ayenera kuzimva zonse ziwiri.

Njovu zokha ndiye nkhani yake ikukomako. Nkhalango yathu ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, koma opha nyama mozemba anaipulula mpaka njovu zinatsala zosakwana 100 pamene kale zinkapitirira 1,500. A bungwe losamalira nkhalango la African Parks atayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, pa malole, dziko lonse likuonerera. Dera limene kale linkatulutsa minyanga tsopano likulandira njovu zamoyo. Komabe mukamaombera m'manja muzikumbukira mlimi wa m'mphepete mwa waya, amene njovu ikathyola mpanda usiku umodzi wokha chinangwa chake cha chaka chonse chimatha. Iyeyo saoneka pazithunzi za alendo.

Kuyambira 2011 malo a ukapolo a kwathu kuno ali pa mndandanda woyembekezera kulowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa UNESCO, nthambi ya United Nations imene likulu lake lili ku Paris, pamodzi ndi ena a ku Karonga ndi ku Phalombe. Anzathu a ku Dedza awo a zojambula za pamiyala ku Chongoni analowa kale mu 2006. Ine sindikuona chifukwa chodikira anthu a ku Paris kuti adzatiuze kufunika kwa manda a a Jumbe. Mphunzitsi wa pulayimale wa pa boma atha kutenga ana ake wapansi, kuyambira kudoko, kudzera pamzikiti wakale ndi pamanda, kukafika pamkuyu ndi patchalitchi, n'kubwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Sipafunika basi kapena alawansi. Chofunika ndi munthu wofotokoza zonse mosabisa, shehe ndi wansembe ataima pamodzi ngati n'kotheka.

Ndipo inu amene muli ndi agogo ku Linga, kwa Mphonde, kwa Kanyenda kapena kwa Mwadzama, mukapita kumudzi musangobwerako ndi thumba la mpunga. Khalani nawo pamphasa, yatsani chojambulira mawu cha pafoni, muwafunse kuti makolo awo anachokera kuti ndipo anafika bwanji kunyanja kuno. Ena adzakuyankhani kuti zimenezo n'zakale, zisiyeni. Musaumirize tsiku lomwelo. Bwereraninso mawa lake ndi shuga ndi masamba a tiyi.