Makina a 3D omanga nyumba: tiyambe tayesa simenti yake pa dzuwa la ku Tete

Abale mwakhala mukugawana mavidiyo a makina aja omanga makoma popanda njerwa, ena mpaka mukuti mapedreiro (amisiri omanga nyumba) ntchito yawathera. Zinthuzi ndi zenizeni ndipo sizili kutali, ku Malawi, dziko loyandikana nafe, kampani ya 14Trees inamanga sukulu ku Salima yomwe inatsegulidwa mu 2021, makoma anatha m'maola 18 okha. Ine zimandisangalatsa kwambiri, makamaka ndikaona mitengo imene ikuthera kuotcha njerwa ku Angónia ndi ku Tsangano.

Koma chimene anthu sakuchiona mu vidiyo ndi kasakanizidwe ka simentiyo. Makinawo amaifinya kudzera pa payipi, mzere pamwamba pa mzere, ndiye ikuyenera kukhala yofewa kuti idutse osatseka payipi, komanso ikangotuluka iume msanga kuti inyamule mzere wotsatira, ngati nsima yoti mwaomola ndipo yaima yokha m'mbale. Ikachedwa kugwira khoma limaphwasuka. Ikauma msanga kwambiri mizere iwiriyo sigwirana bwino, pamatsala malo ofooka pomwe madzi amvula adzalowere. Tsopano taganizani mu mzinda wa Tete mwezi wa Novembala kutentha kukupitirira madigiri 40, mzere wapansi uuma bwanji makina asanazungulire nyumba yonse? Zomwe zinayenda ku Denmark kapena ku Salima sizingangoyenda chimodzimodzi kuno.

Palinso nkhani ya ndalama. Kawirikawiri konkire wa makinawa amadya simenti yambiri kuposa konkire wamba chifukwa miyala ikuluikulu siidutsa pa payipi, ndipo thumba la simenti tonse tikudziwa mmene limapwetekera m'thumba. Maziko, zitsulo, denga, zitseko, zonsezo ndi manja a anthu ndithu, pedreiro sakupita kulikonse.

Nchifukwa chake ine ndikufuna ana athu a m'masukulu a ukachenjede a ISPT ndi UniZambeze apatsidwe kamakina kakang'ono ka mu labu, atenge mchenga wa mu Zambezi ndi wa mu Revúbuè, ayese kusakaniza ndi dothi lootcha kapena laimu kuti simenti ichepe, asindikize timakoma tating'ono atisiye panja dzuwa liombe, dzinja lidutse, kenako atiphwanye aone mphamvu yake. Makampani a malasha aku Moatize ndalama yothandizira kafukufuku ngati ameneyu ali nayo, tiwapemphe.