M'kamwa mwa agogo mudasuzumiramo liti?

Ana inu, imvani kuno. Agogo mumawasambitsa, kuwachapira, kuwadzoza mafuta mpaka kuwala, alendo akabwera n'kumakuyamikirani kuti mukusamala. Koma m'kamwa mwawo simuyang'anamo. Akamayankhula mumatembenuza nkhope, mukatuluka panja n'kumanong'onezana kuti ndi fungo la ukalamba. Ukalamba ulibe fungo lotero. Ndi nkhama zotupa zimenezo, zina zikutuluka mafinya, ndipo mwini wake akuvutika mwakachetechete.

Sindikunena ngati wopanda mlandu ayi. Mkulu wanga atagwidwa ndi sitiroko, dzanja lamanja ndi tsaya lomwe zinafa. Patapita miyezi anayamba kukana chakudya, ife n'kumati wayamba matama. Tinkamukalipira. Amene anatitsegula maso ndi dokotala wa mano: chakudya chinkatsalira m'tsaya lakufalo osachimva, n'kumagona momwemo, mpaka mano awiri a mbali imeneyo anaola. Munthu wosatha kutchula mawu bwino akanatiuza bwanji? Manyazi ake ndidakali nawo.

N'chimodzimodzi mwana wolumala amene sayankhula, kapena wokalamba amene nzeru zinayamba kusokonekera ndipo amangoiwala. Oterewa sanena kuti dzino likuwawa. Amadzimenya tsaya, amatafunira mbali imodzi, salola kugwidwa kumaso, usiku sagona. Inu n'kumati ndi khalidwe lake. Musanamuweruze, tengani tochi muone m'kamwamo.

Ena mumati mano a nkhalamba ngoyenera kugweluka basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kapena kupitirira, pafupifupi 23 alibe dzino ngakhale limodzi. Kutanthauza kuti ambiri akadali nawo, ndipo chimene chimatha mano 32 a munthu wamkulu si zaka, koma kuola ndi matenda a nkhama.

Nkhani ya mankhwala ndiyo ndifuna muimvetse bwino. Mapiritsi ambiri amene okalamba amamwa tsiku ndi tsiku, monga ena a BP ndi a matenda a nkhawa, amaumitsa malovu. Malovuwo ndiwo amatsuka m'kamwa n'kufooketsa asidi wodya mano. Akasowa, mano amaolera m'tsinde, pamene nkhama zinasendera. Ndiye inu, pomva chisoni kuti agogo kukhosi kwauma, mumawapatsa maswiti azimung'unya tsiku lonse. Chifundo chanji chimenecho? Apatseni madzi pafupipafupi. Wodwala khunyu amene amamwa phenytoin nkhama zake zimatha kukula mpaka kukwirira mano, makamaka ngati m'kamwa simutsukidwa. Wa shuga naye nkhama zikadwala, shugayo amavuta kutsika. Ndipo wodwala wongogona, amene amatsamwa pomeza, tizilombo ta m'kamwa mwauve timatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mudzathamangira kuchipatala ndi chifuwa, chikhalirecho vuto linayambira pa mswachi umene simunaugwire.

Kutsuka kwake sikufuna sukulu. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mswachi wofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, amene amalimbitsa mano kuti asaole. Akatha alavule, asachukuche ndi madzi. Ngati zala zawo zinauma ndi nyamakazi, kulungani kansalu pachogwirira kuti chinenepe. Ngati muwatsuke ndinu, akhale tsonga, inu muime kumbuyo cha m'mbali mutawachirikiza chibwano, ndipo auzeni chimene mukuchita. Osawapanikiza ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala. Akakana m'mawa, yesaninso dzuwa likakwera. Nkhama zikatuluka magazi pang'ono si chifukwa chosiyira, n'chizindikiro choti pamenepo pakhala posatsukidwa.

Mano oikirira nawo musawasiye m'kamwa usiku wonse. Achotseni, muwatsuke, muwaviike m'madzi ozizira, chifukwa otentha amawapinda. Ngakhale wopanda dzino n'limodzi lomwe, lilime ndi nkhama zake zimafuna kupukutidwa.

Tsono pali chibwana china chimene chimandipsetsa mtima kwambiri: kuika piritsi la aspirin pa dzino lowawa. Limawotcha nkhama, dzinolo osachira. Safunsa anadya phula. Ndipo mukawatengera agogo kokazula dzino, nyamulani mankhwala awo onse mukamuonetse dokotala, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, chifukwa magazi angavute kusiya. Koma musawasiyitse mankhwalawo mwa nzeru zanu poopa zimenezo. Wonena zoti asiye kapena apitirize ndi dokotala, osati inu, osatinso mnzanu wa pa WhatsApp.

Chilonda cha m'kamwa, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira limene latha milungu itatu osapola, chimenecho si cha mchere ndi madzi ofunda. Khansa ya m'kamwa nthawi zambiri imayamba yosawawa, ndipo imakonda amene anasuta fodya ndi kumwa mowa zaka zambiri. Mukachiona usiku uno, mawa lomwe mukawaonetse kuchipatala.