Mtsinje umodzi, nzeru ziwiri: France ndi Germany pa magetsi a nyukiliya

Mu February 1975, alimi a mphesa ndi anthu a m'midzi yozungulira Wyhl, kumwera chakumadzulo kwa Germany, anakadzaza pamalo pomwe panayenera kumangidwa fakitale ya magetsi a nyukiliya. Apolisi anawabalalitsa powapopera madzi, koma patangotha masiku ochepa anabwereranso ali chinamtindi, n'kumanga misasa, n'kukhala pomwepo miyezi yambiri. Fakitaleyo siinamangidwe mpaka lero. Nthawi yomweyo, tsidya lina la mtsinje wa Rhine, ku Fessenheim m'dziko la France, amisiri anali kalikiliki kumanga ng'anjo ziwiri za nyukiliya, zomwe zinayatsidwa mu 1977 ndipo zinagwira ntchito mpaka 2020.

Andale akamakokana pa nkhaniyi amakonda kuiika ngati ya mbali ziwiri: ena akuti boma lilamule, ena akuti boma lichotsepo dzanja, makampani apikisane okha. Ine ndikayang'ana anansi awiriwa sindikuona amene anasiyiradi msika nkhani ya nyukiliya. Ku Paris boma linalamula kuti mangani, ku Berlin boma linalamula kuti tsekani. Msika ankangouitana pa nthawi yogawana phindu.

France inalowa m'nyukiliya chifukwa cha mantha. Mafuta atakwera mtengo koopsa mu 1973, nduna yaikulu Pierre Messmer analengeza mu March 1974 kuti dzikolo limanga ng'anjo zambiri mwachangu, ndipo nkhaniyo sinayambe yapita kukavoteredwa kunyumba ya malamulo. Ntchito anaipatsa EDF, kampani ya boma ya magetsi yomwe inakhazikitsidwa mu 1946. Poti mwini anali mmodzi, ng'anjozo ankazimanga zofanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo izi zinapeputsa ntchito. Lero zilipo 57, ndipo pa mayunitsi atatu aliwonse a magetsi opangidwa m'dzikomo, pafupifupi awiri amachokera m'menemo.

Tsono European Union itayamba kukakamiza mayiko kuti atsegule msika wa magetsi, France inapezeka pa mphanda. Ndani angapikisane ndi kampani yomwe ng'anjo zake inamanga kalekale? Nzeru yomwe anaipeza, yotchedwa ARENH, imandiseketsa mpaka pano. Kuyambira 2011 lamulo linkakakamiza EDF kugulitsa mayunitsi okwana 100 biliyoni pachaka kwa opikisana nayo, pamtengo woikidwa ndi boma, womwe kuyambira 2012 unali mayuro 42 pa mayunitsi 1,000. Ambiri mwa opikisana nayowo analibe ngakhale jenereta. Ankangogula kwa EDF motchipa, n'kusindikiza dzina lawo pa bilu. Magetsi akatchipa pamsika, ankasiya kugula kwa EDF; akadula, onse pamzere. Umenewo n'kumati mpikisano?

Germany inatsegula msika wake mu 1998, ndipo aliyense anapatsidwa ufulu wosankha womugulitsa magetsi. Koma boma lotsatira, la Gerhard Schröder ndi chipani cha Greens, linagwirizana ndi makampani mu 2000 kuti nyukiliya ithe pang'onopang'ono, n'kukhazikitsanso lamulo lakuti wopanga magetsi a dzuwa kapena a mphepo azilipidwa mtengo wokhazikika kwa zaka 20. Mu 2010 Angela Merkel, yemwe ankatsogolera boma panthawiyo, anawonjezera zaka zoti ng'anjo zigwire ntchito. Sipanathe chaka, ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima, ku Japan, itachitika mu March 2011, mayi yemweyo anatembenuka: ng'anjo zisanu ndi zitatu zinatsekedwa, zisanu ndi zinayi zotsalazo zinapatsidwa malire a 2022. Makampani anathamangira kukhothi, ndipo mu 2021 boma linavomera kuwapatsa chipukuta misozi cha mayuro pafupifupi 2.4 biliyoni. Ndalama za okhoma msonkho izo, zolipira kusinthasintha maganizo kwa atsogoleri.

Chaka cha 2022 chinawavula onse awiri. Germany inkagula ku Russia gasi woposa theka la amene inkaitanitsa kunja, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mpope unauma. Uniper, kampani yaikulu yoitanitsa gasi, inatsala pang'ono kugwa, boma n'kuitenga. Olaf Scholz, mtsogoleri wa boma panthawiyo, analamula kuti ng'anjo zitatu zomaliza, Isar 2, Emsland ndi Neckarwestheim 2, zipitirire mpaka pa 15 April 2023, ndipo mafakitale ena a malasha omwe anali atapumitsidwa anayatsidwanso.

A ku France akanatha kuseka, koma chaona mnzako chapita. M'mapaipi a ng'anjo zina munapezeka ming'alu, ndipo poti ng'anjozo n'zofanana, vuto la imodzi linachititsa kuti azikayikira zinzake zonse za mtundu umenewo. Kufanana komwe kunawathandiza pomanga kunawalumanso apa. Panafika nthawi yoti pafupifupi theka la ng'anjo zinali zozimitsa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 40, France inagula magetsi ambiri kunja kuposa omwe inagulitsa, ena mwa iwo kuchokera ku Germany konko. Pofuna kuteteza mabanja ku mitengo, boma linakakamizanso EDF kuwonjezera mayunitsi 20 biliyoni otchipa kwa opikisana nayo, pomwe iyo inkagula magetsi okwera mtengo kuti ikwaniritse mapangano. Chaka chimenecho inaluza mayuro 17.9 biliyoni. Mu 2023 boma linagula masheya onse omwe anali m'manja mwa anthu wamba, EDF n'kubwerera kwa mwini wake.

Ndiye taonani: wina anatenga Uniper, wina anatenga EDF. Onse omwe ankalalikira za msika anakabisala m'thumba la boma mvula itagwa.

Nanga wachita bwino ndani? Pa utsi woononga mlengalenga palibe mkangano, magetsi a ku France ndi oyera kwambiri kuposa a ku Germany, komwe malasha aloledwa mpaka 2038. Cholakwa cha Germany, kwa ine, chinali ndondomeko ya katsekedwe. Ukafuna kusiya zonse ziwiri, uyambe watseka malasha omwe amadwalitsa anthu tsiku ndi tsiku, ng'anjo zomwe zilipo kale uzisiye zikuthandize. Komabe tisawanyoze kwambiri. Kuyambira 2023 magetsi oposa theka omwe amagwiritsa ntchito amachokera ku mphepo, dzuwa ndi zina zotere, ndipo ndalama zomwe mabanja awo analipira pa bilu zaka zonsezo zinathandiza kuti masola atchipe dziko lonse lapansi. Vuto limabwera m'nyengo yozizira, mphepo ikadekha, dzuwa n'kubisala masiku angapo. Mu December 2024 mitengo inalumpha mpaka a ku Sweden ndi Norway, omwe mawaya awo analumikizana ndi a Germany, anadandaula poyera.

France nayo luso lomanga mwachangu linaithawa. Ng'anjo ya Flamanville 3 anayamba kuimanga mu 2007, akuti itha mu 2012 pa mayuro 3.3 biliyoni. Inalumikizidwa ku mawaya mu December 2024, itadya mayuro oposa 13 biliyoni. Pa ndale nayonso yagwedezeka ndithu: lamulo la 2015 linati nyukiliya itsike kufika pa theka la magetsi onse, la 2023 linafafaniza malirewo, pulezidenti Emmanuel Macron atalengeza ku Belfort mu February 2022 kuti amanga ng'anjo zina zisanu ndi imodzi. Palibe kampani yomwe ingaike yokha ndalama zake pa chinthu chotenga zaka 17 chisanabweze kanthu, n'chifukwa chake ngongole yomangira zatsopanozo ikudaliranso boma.

Zinyalala za nyukiliya nazo zili pakhomo la boma mbali zonse. France ikukonza zokazikwirira pansi pa nthaka ku Bure, kudzera m'bungwe la boma la Andra. Ku Germany makampani anapereka mayuro pafupifupi 24 biliyoni ku thumba la boma mu 2017, n'kusamba m'manja. Malo a Gorleben, omwe anakanganirana zaka makumi anayi, anachotsedwa pamndandanda wa malo okwirirako zinyalalazo mu 2020, ndipo dziko lomwe linazimitsa ng'anjo zake zonse likufunafunabe pokakwirira zotsalira zake.