Wogona chipinda chinacho walakwanji?

Anzanga okonda mafilimu a ngwazi zovala zigoba, pali bodza limodzi lomwe takhala tikulimeza osatafuna. Ngwazi iliyonse ukaifunsa chifukwa chimene imabisira dzina lake lenileni, yankho limakhala lomwe lija, lakuti ikuteteza anthu amene imawakonda. Ife n'kumagwedeza mitu, ena mpaka kulengeza misozi. Ine pamenepa ndakana. Kubisira dziko lonse ndikumvetsa. Koma kubisira munthu amene mukusonkherana naye lendi, amene amagona kuseri kwa khoma la chipinda chako, ndi kumusiya pambalambanda iye akuganiza kuti ali m'nyumba yokhoma.

Tengani Peter Parker, yemwe Stan Lee ndi Steve Ditko anamubweretsa m'makomiki mu 1962. Ambiri amamvera chisoni Anti May, azakhali amene anamulera, ndi zibwenzi zake, koma wanga ine ndi mnzake Harry Osborn. Mu 1966 chigawenga chotchedwa Green Goblin chinatulukira kuti Spider-Man ndi Peter, ndipo Peter naye anadziwa kuti Goblin ndi Norman Osborn, bambo ake a Harry. Ndewu yawo itatha Norman anasokonezeka mutu n'kuiwala zonse. Chaka chotsatira, mu 1967, Harry anauza Peter kuti azikhala limodzi mu fulati ku New York, Peter n'kulongedza katundu, ulendo. Ndiye taganizani bwino. Munthu akulowa m'nyumba ya mnzake atasenza zinsinsi ziwiri. Choyamba, iyeyo ndi Spider-Man. Chachiwiri, bambo a mnzakeyo ndi chigawenga chimene tsiku lina lililonse mutu ungabwerere m'malo, n'kubwera kudzamusaka pakhomo lomwelo. Harry ankangoona mnzake wosowasowa, wobwera mochedwa, wosayankha zogwira mtima akafunsidwa.

Mu 1973 Norman anakumbukiradi. Anagwira Gwen Stacy, chibwenzi cha Peter, n'kumuponya kuchokera pamwamba pa mlatho. Gwen anafa asakudziwa chimene chigawengacho chinasankhira iyeyo pakati pa atsikana onse a mu New York. Tsono kusadziwako kunamuteteza pati? Norman naye anafa m'buku lotsatira, atabayidwa ndi chombo chake chomwe chimene ankaulukira. Harry, yemwe anali kale pa vuto la mankhwala osokoneza bongo, anadzatulukira yekha kuti mnzake wa m'nyumba ndi Spider-Man, munthu amene iye ankamuona ngati wakupha bambo ake. Mu 1974 anatchera bomba mu fulati yawo yomweyo. Linaphulika Peter akufika ndi mtsikana mnzake Mary Jane, ndipo amene anakagona m'chipatala ndi Mary Jane. Za bombalo sindikumuikira kumbuyo Harry. Ndikungoti mnyamatayu anakhala zaka zonsezo pakati pa anthu awiri amene ankadziwana bwinobwino, mmodzi womubala, wina wogona naye nyumba imodzi, ndipo palibe anamutsina khutu.

Amene munaonera filimu ya Spider-Man ya Sam Raimi ya 2002 mukukumbukira tsiku la phwando la Thanksgiving lija. Peter wangobwera kumene kuchokera kondewu, walowera pawindo, mkono ukuchucha magazi. Alendo akukwera masitepe kukamuyang'ana kuchipinda, iye n'kumatirira kudenga pamwamba pa mitu yawo, atagwira mpweya. Dontho limodzi la magazi likugwa pansi, Norman n'kutembenuka. Patebulo akuona magazi akutulukira pamkono wa malaya a Peter, ndipo Peter akunama kuti wagundidwa ndi njinga. Basi, Norman wadziwa. Wadziwira m'nyumba ya mwana wake, patebulo la mwana wake, mwanayo ali pomwepo akudandaula kuti bambo ake akuchokeranji chakudya chisanadyedwe. Ife oonera timasangalala ndi kuchenjera kwa Peter kudenga kuja, za Harry sitilabadako.

Chimene chimatsatira ndiye chimandipweteka kwambiri. Goblin akuyamba ndi Anti May, mpaka kuwagoneka m'chipatala. Kenako Harry, mtima utasweka chifukwa waona Peter atagwirana manja ndi Mary Jane, mtsikana amene iye Harry ankamukonda, akupita kukadandaulira bambo ake kuti Peter amakonda mtsikanayo. Mwana aliyense angachite zomwezo. Iye sakudziwa kuti wangouza mdani wa Peter pamene angabaye kuti pamve kuwawa. Posakhalitsa Mary Jane wapezeka ali pamwamba pa mlatho.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Munthu sangasunge chinsinsi chimene sakudziwa kuti ali nacho. Wokhala naye nyumba ndi amene amatsegula chitseko wina akagogoda. Ndi amene amayankha kuti watuluka, amabwera cha m'ma 2 koloko usiku, mukamuyesere kwa azakhali ake ku Queens. Amalandira maphukusi, amalowetsa aliyense wonena kuti wabwera kudzakonza mapaipi, amaika zithunzi za pabalaza pa intaneti windo ndi msewu zikuoneka. Zonsezi amachita ndi mtima woyera, ndipo chilichonse mwa izi chingamuphetse. Akanadziwa bwenzi akusuzumira kaye asanatsegule, bwenzi ali ndi kothawira, kapena bwenzi atanyamula chikwama chake n'kukafuna malo ena. Mdani amadziwa, ngwazi imadziwa, wosadziwa amatsala mmodzi yekha, ndipo ndi yemwe alibe mphamvu ngakhale zokankhira kabati kuchitseko.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe m'munsimu. Munena za 2006, m'nkhani ya Civil War, pamene Peter anavula chigoba pamaso pa atolankhani, ndipo chaka chotsatira munthu wotumidwa ndi Kingpin, mkulu wa zigawenga, anawombera Anti May. Munenanso za Tony Stark, amene anaulula poyera kuti ndi Iron Man mu filimu ya 2008, kenako mu ya 2013 n'kutchula adiresi ya nyumba yake ya ku Malibu pa makamera, mahelikopita n'kubwera kudzaigumula chibwenzi chake Pepper Potts ali momwemo. Zoona zonsezo. Koma kumeneko ndi kuuza dziko lonse, ndipo ine sindinanene kuti ngwazi iitane atolankhani. Ndikunena za munthu mmodzi, chitseko chitatsekedwa.

Mfundo imene imandivutako ndi ya Karen Page. Mu 1986 Frank Miller analemba nkhani ya Daredevil momwe Karen, atazunzika ndi mankhwala osokoneza bongo, anagulitsa chinsinsi chakuti Daredevil ndi Matt Murdock kuti apeze mankhwalawo. Dzinalo linayenda mpaka linafika kwa Kingpin, ndipo Matt analandidwa laisensi ya uloya, ndalama zake zinatsekedwa, nyumba yake inaphulitsidwa. Ndiye inde, wodziwa angagulitse, angaopsezedwe, angalankhule ataledzera. Sindikutsutsa. Koma taonani amene anapwetekedwa pa kuululako: Matt. Kutanthauza kuti ngwazi ikamabisira mnzake wa m'nyumba, imakhala ikudziteteza yokha kwa mnzakeyo. Palibe cholakwika kudziteteza, ingonenani chilungamo kuti ndi zimene mukuchita. Ndipo ngati munthuyo simungamukhulupirire ndi dzina lanu, mukugoneranji naye nyumba imodzi? Samukani.

Kusamuka ndiye kumene sikuchitika, ndipo chifukwa chake ndi ndalama. Bruce Wayne, yemwe ndi Batman, alibe vuto limeneli, ali ndi chinyumba chake, ndipo Alfred amene amakhala naye amadziwa zonse, mabala amasoka ndi iyeyo. Peter ndi mphawi. Amadya za kugulitsa zithunzi za Spider-Man kwa J. Jonah Jameson ku nyuzipepala ya Daily Bugle, bwana woumira amene amatenga zithunzizo n'kukanyozera nazo Spider-Man yemweyo. Lendi ya ku New York payekha sangaikwanitse. Ndiye wokhala naye uja amathandiza kuti ngwazi ikhale ndi pogona, pobisa zovala, pochapira magazi, ndipo pamwamba pake n'kusenzanso ngozi imene sanaivomere. Anti May analera Peter, Mary Jane anamukonda, ndipo ngakhale iwo anayenera kuuzidwa, pali chingwe chimene chimawamanga kwa iye. Nanga munthu amene anangofuna wothandizana naye kulipira magetsi ndi madzi, iyeyo walakwanji?

Pena ndimaganiza kuti olemba nkhanizi amadziwa bwino kuti mfundo ya kuteteza ija ndi yopanda miyendo, koma sangaisiye chifukwa imakoma. Kubisa chigoba pansi pa pilo mnzako akulowa, kunama kuti unagwa pa masitepe, kuthawa pakati pa macheza, zonsezi zimaseketsa ndipo zimadzaza masamba. Ndi chifukwa chake ndimakonda gawo lija la sewero la Daredevil la pa Netflix la 2015, pamene Foggy Nelson, amene ankagona chipinda chimodzi ndi Matt ku koleji n'kudzatsegula naye ofesi ya maloya, anamupeza ali thapsa pansi, magazi okhaokha, atavala zakuda zija. Foggy sanaombe m'manja kuti mnzanga ndiwe dolo. Anapsa mtima, ndipo gawo lonse lotsatira linathera pa mkwiyo wakewo. Zaka zonsezo ankamugwira dzanja pomuwolotsa msewu poganiza kuti akuthandiza mnzake wosaona, osadziwa kuti mnzakeyo amamva ngakhale kugunda kwa mtima wake akamanama. Dzina lake linali pachitseko chimodzi ndi la Matt, ndipo aliyense wofuna Matt akanayambira pa iye. Mkwiyo umenewo ndi umene Harry sanapatsidwe mpata woti auonetse nthawi ikadalipo.

Ndipo Peter sanaphunzirepo kanthu. M'makomiki a 2018 olembedwa ndi Nick Spencer, akupezekanso akukhala nyumba imodzi ndi Randy Robertson, mwana wa Robbie Robertson wa ku Daily Bugle, pamodzi ndi Fred Myers, yemwe ndi Boomerang, chigawenga chimene Spider-Man wamenyana nacho kangapo. Peter amanyansidwa kwambiri kuti akukhala ndi munthu wotereyu, woti angawaitanire mavuto pakhomo. Pamenepo ine ndinaseka. Za Fred aliyense ankadziwa, Randy yemwe, ndipo akanafuna akanakana kukhala naye. Za Peter, amene adani ake ndi ochuluka kuposa a Fred, Randy ankangodziwa kuti ndi mnzake wakale amene amavutika kupeza lendi.