Burger yakwera mtengo, chabwino, nanga nyama yapita kuti?

Awa ndi maganizo anga chabe, amene muli ndi malesitilanti musandide, ndikungonena zomwe ndaona ndi maso angawa.

Loweruka lapitali ndinamutenga mwana wanga wamkazi kulowa naye mtauni muno mu Lilongwe kukadya burger. Wakhoza mayeso a sitandade 8 ndiye ndinali nditalonjeza kalekale kuti ukakhoza udzasankhe wekha chomwe ukufuna, ine mumtima ndimati anena nsapato kapena chikwama, iye basi "adadi ine ndikufuna burger ya pamalo paja timangopadutsa pa minibasi". Malowo sinditchula, mungoziwa kuti ndi aja a magalasi okhaokha. Talowa, taima pamzere, pamwamba pa kauntala pali chithunzi chija chowala, burger yonenepa ngati yakulira kwa agogo, tchizi chikuyenderera m'mbali, letesi wake kuti biliwiri. Ndaitanitsa ziwiri, tchipisi ndi zakumwa. Mtsikana wa pa tilu atatchula mtengo ndinayamba ndamufunsa kuti "asisi, mwaphatikiza ndi za anthu ali kumbuyo kwangawa kapena?" Anangoseka. Ndinawerenga ma K5,000 limodzilimodzi ngati ndikulipira lendi.

Chakudya chitabwera ndinachita zomwe ndimachita nthawi zonse, kuvundukula banzi kuti ndione mkati. Abale inu. Banzi lalikulu bwino koma lozizira, m'mphepete mouma, losaotcha n'komwe. Mayonezi phwamwamwa. Kachidutswa ka tomato kamodzi kodula mopyapyala ngati akugawira ana amasiye 40. Ndiye patty yakeyo, nyama yogaya ya pakati ija, kanthu kotuwa, kopyapyala ngati soli ya patapata yoti yatha, kakubisala pakati pa banzi moti m'mbali monse umangoluma buledi yekhayekha kawiri konse usanakumane ndi nyama. Nditaiduladula mkati mwake munali mofewa ngati siponji, ndipo fungo lomwe ndinamva ndi la soya pisesi. Soya ndimamudziwa, kwathu timadya pafupifupi sabata iliyonse.

Chizolowezi chovundukulachi ndinachitenga ku Joni. Ndinakhala zaka 6 ku Johannesburg ndipo zambiri mwa zakazo ndinali pa grill mu lesitilanti ina, kuotcha ma patty kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, ngati mmene amachitira Amalawi anzathu ambiri kumeneko. Burger si chakudya chovuta ayi. Nyama ya ng'ombe yogaya, mafuta ake akhale ngati gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa yopanda mafuta imatuluka youma ngati chikuni. Osaikanda ngati mukukanda mandasi, kungoiumba pang'ono basi. Mchere umathira pamwamba nthawi yomwe ukuika pamoto. Chitsulo chikhale chotentha kwambiri kuti kunja kupsereze bwino, osamaipsinja ndi chipande kuti ipse msanga chifukwa msuzi wonse umathera pachitsulo. Ipse mpaka mkati, nyama yogaya si siteki, tizilombo timene tinali kunja kwa nyama makina amatisakaniza mpaka pakati, ndiye shefu wathu amabaya kachoyezera kuti aone ngati yafika madigiri 71. Banzi kulipaka batala pang'ono ndi kuliotcha. Zatha. Ndipo nyama ikapsa imachepa, imataya pafupifupi kota ya kulemera kwake, ndiye ukayamba ndi kochepa kale mbale imafika kwa kasitomala muli mthunzi wa nyama.

Za mtengo wokhawo ine sindikangana ndi munthu. Ndikumvetsa. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, tisanapume n'komwe mu November 2023 kuigwetsanso ndi 44 peresenti. Tirigu wopangira mabanzi wambiri amachokera kunja, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tonse tinaona mmene buledi ndi mafuta ophikira zinathamangira. Tchizi, tomato sosi, mayonezi, ngakhale timabokosi toikamo tija, zambiri zimabwera pa thiraki kuchokera ku Joni, ndipo forex yake mukudziwa nokha mmene imavutira. Magetsi akathima fuliji singadikire, jenereta ilire basi, dizilo wake munthu wachita kugonera pa filing'i. Kuonjezera lendi ya mu mall, misonkho, malipiro a antchito. Ndiye burger kukwera mtengo si ufiti.

Ndipo si kuno kokha. Ku America komwe kunachokera zinthuzi anthu analira mpaka abwana a McDonald's kumeneko, a Joe Erlinger, analemba kalata mu May 2024 kudziteteza, kunena kuti burger yawo ya Big Mac yachoka pa $4.39 mu 2019 kufika pa $5.29, kukwera ndi 21 peresenti, osati kuwirikiza kawiri ngati mmene anthu amanenera pa intaneti. Chinautsa mapiri pachigwa chinali chithunzi cha menyu ya pamalo ena opumira apaulendo ku Connecticut pomwe Big Mac ndi tchipisi ndi chakumwa zimagulitsidwa pafupifupi $18. Mu June 2024 anatulutsa chakudya cha $5 kuti anthu abwerere. Tangoganizani, kampani yomwe mu 1948 abale awiri aja, Richard ndi Maurice McDonald, amagulitsa burger pa masenti 15 ku San Bernardino. Magazini ya The Economist mpaka imayezera mphamvu ya ndalama za maiko ndi mtengo wa Big Mac kuyambira 1986, ife sitilipo pamndandandawo poti McDonald's kuno kulibe, akanatifunsa tikanawauza kuti kwacha amayezera pa mbale ya tchipisi cha pachiwaya.

Chomwe chikundiwawa ine n'chakuti mtengo wakwera, nyama yachepa, ndipo yochepayo aisakanizanso, zonse zitatu nthawi imodzi, koma chithunzi pamwamba pa kauntala chikadali chomwe chija cha nthawi ya bwino. Sankhanipo chimodzi abwana. Mukakweza mtengo ndipatseni burger yomwe ili pachithunziyo. Mukachepetsa nyama tsitsani mtengo kapena sinthani chithunzi. Osandimenya mbama mbali zonse ziwiri kenako n'kundiuza kuti mudzabwerenso.

Makampani akuluakulu aja sindikuti chakudya chawo n'chapamwamba, ine Big Mac sindinaikondepo kwenikweni, buledi amachuluka. Koma chimodzi ndimawapatsa ulemu, kulemera kwa nyama kumadziwika. Burger ya McDonald's yotchedwa Quarter Pounder dzina lenilenilo likunena, kota ya paundi, magalamu 113 isanapse. Big Mac ndi ma patty awiri a magalamu 45 iliyonse. Ukudziwa chomwe ukugula, ukakhumudwa wakhumudwa ukudziwa. Kuno tafunsani weita kuti patty yanu ndi magalamu angati, akuyang'anani ngati mwafunsa PIN ya abwana ake. Ku America komweko lamulo limati chinthu ukachitcha hamburger usathiremo madzi kapena zochulukitsira, ndipo mafuta asapitirire 30 peresenti, ukafuna kusakaniza uchitche dzina lina. Anthu ena anakasuma Burger King ku khoti ku Florida mu 2022 ati burger yawo ya Whopper pa zithunzi zotsatsa malonda ikuoneka yaikulu ndi 35 peresenti kuposa yomwe amapatsidwa. Kuno upite ku khoti chifukwa cha burger, achibale ako omwe ayamba kukufunsa ngati zinthu zili bwino kunyumba.

Ndipo nyama yogaya ndi malo abwino obisalamo chinyengo, poti chilichonse chikalowa m'makina chimatuluka chofanana. Mu 2013 ku Ireland ndi ku Britain anapeza nyama ya hatchi mu ma burger a m'masitolo, ina mpaka 29 peresenti inali hatchi. Chaka chomwecho a yunivesite ya Stellenbosch anapeza bulu, mbuzi ndi njati ya ku Asia mu zakudya zina za nyama za ku South Africa zomwe pa pepala sanalembe zimenezo. Nthawi imeneyo ndinali ndili pa grill, makasitomala amachita kusuzumira kukhitchini kufunsa ngati tikuotcha bulu, abwana anga mpaka anayamba kugayira nyama pamalo poonekera kuti aliyense aziona chomwe chikulowa. Sindikunena kuti kuno akutidyetsa bulu, musandinamizire. Ndikungoti munthu wogula alibe njira yodziwira, amangodalira chilungamo cha mwini malo, ndiye ndikanakonda a Malawi Bureau of Standards kapena a CFTC, bungwe loteteza ogula lija, atati aliyense wogulitsa burger azilemba pa menyu kulemera kwa patty ndi zomwe zilimo. Mzere umodzi basi.

Soya payekha si tchimo. Zinyenyeswa za buledi si tchimo. Lembani kuti iyi ndi yosakaniza ndi soya, mtengo wake uwu, iyi ndi ya nyama yokhayokha, mtengo wake uwu, ine ndiona m'thumba mwanga ndisankha. Mwina pakati pa mwezi ndisankha ya soya yomweyo mosangalala.

Chondidabwitsa china, pa zinthu zonse zili mu burger, nyama ndi imene ili yathu konkuno. Ng'ombe zili ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Mzimba, sizifuna forex kuti zifike ku butchala. Tomato ndi anyezi ali mbwee pa Lizulu, mbatatesi ya tchipisi ikuchokera ku Dedza ndi ku Tsangano. Inde nayo nyama yakwera, sindikukana, thiransipoti yakwera, chilichonse chakwera. Koma bwanji pofuna kupulumutsa ndalama mukuyambira kudula chinthu chathu chomwe ndi mwini nkhani, n'kusiya katchizi ka pulasitiki kochokera kunja kosamveka n'kukoma komwe, ndi sosi wa m'botolo wongotsekemera? Chotsani tchizicho, kazingani anyezi wambiri, ikani kambuzi pang'ono, nyama ikhale yochindikala ngati chala. Ine ndilipira osadandaula.

Pachiwaya paja timapanyoza koma pali chilungamo china chake. Mbuzi ili lende pamtengo, ukuiona, umaloza wekha kuti aise ndidulire apa, amakupatsa kolawa, ukadandaula kuti tachepa amaponyamo kachidutswa kena akung'ung'udza. Palibe chithunzi chonama poti chithunzi chake ndi nyama yomweyo. Sindikuti n'kumwamba ayi, mafuta ena amakhala akuda ngati oilo wa minibasi, ntchentche nazo zimadya nawo osalipira, madzi osamba m'manja mukuwadziwa. Ndiye ndikudziwa kuti mu lesitilanti timalipiranso ukhondo, mpando, chimbudzi chabwino, kamphepo kozizira, mwana kukhala pamalo osaopa njinga za kabaza. Zimenezo ndi ndalama ndithu. Koma mpando sindingautafune.

Komanso si onse. Ku Blantyre ndinadyapo burger pa kamalo kena kakang'ono, matebulo asanu okha, mayi wake amagula nyama m'mawa n'kugayitsa yekha, mabanzi amaphika okha, inatenga mphindi 20 kuti ibwere koma nditaluma msuzi unatsikira mpaka pachigongono. Mtengo wake unali wotsikirapo kuposa wa magalasi aja. Ndiye zimatheka. Ndipo chonde tisamakalipire ana a pa tilu ndi a kukhitchini, iwo amangotsegula katoni ya ma patty oundana yomwe abwana agula, ambiri malipiro awo a tsiku sakwana burger yomwe akukulungayo, ndinakhalapo mbali imeneyo ndikudziwa.

Mwana wanga yekha sanaone vuto lililonse. Anadya yonse, ananyambita zala, anajambula bokosi ndi foni yanga n'kuika pa sitetasi, azakhali ake onse anayankha. Sindinamuuze kanthu, linali tsiku lake. Koma Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndinadutsira ku butchala, ndinagula theka la kilo n'kuwauza achimwene aja kuti pogaya muikemo ndi kamafuta, mabanzi anayi a pa bekale, anyezi, tomato. Ndinakoleza mbaula mpaka makala kuti psuu, felempani yachitsulo ija ya amayi ake, ma patty anayi onenepa. Nyumba yonse inadya pa ndalama yosafika ya dzulo lake. Iye anadya imodzi ndi theka la ya mng'ono wake, kenako akupukuta pakamwa anandiyang'ana n'kuti "yakoma adadi, koma kabokosi kaja mulibe?"